Maluwa Ayang'ane Kumsewu

Khalani pansi, ana inu. Taonga, pukuta misoziyo, wandipepesa kokwana kuyambira dzulo. Dalitso, ika kaye hamalayo pansi, zenera silithawa. Ndilowetsere ulusi m'singanomu, masiku ano ndikayang'ana bowo la singano ndimaona mabowo awiri, ndipo ndimasankha lolakwika. Agogo anu aamuna atuluka kukayenda monga mwa masiku onse, amayi anu akuwatsata chapatali, ndiye tili ndi kanthawi. Koma asanakhote pa thanki ya madzi paja, nsalu iyi ikhale itabwerera pazenera.

Sindikukalipirani ayi. Ndikadafuna kukalipa, Chelstone yense akadamva dzulo lomwelo. Munabwera ndi mtima wabwino. Munaona ambuya anu apita ku kichini pati, phwando lolangiza mkwatibwi, ku Kabwata, n'kuti tiwadabwitse, tichotse chinsanza chachikasu chija pazenera la kumsewu, tiike makatani amakono. Ndi okongola ndithu, ndawagwira, nsalu yake ndi yolemera, mphete zake zachitsulo zikuyenda bwino pandodo. Mtundu wokhawo ndi umene sindinaumvetse. Phulusa timataya kudzala, inu mukukagula m'sitolo. Koma nkhani si mtundu. Safunsa anadya phula, ndipo amene sananene nayenso ali ndi mlandu wake. Mlandu wangawo ndiufika, dikirani.

Kwathu ku Katete ndinakula osadziwa kuti zenera limavala. Nyumba yathu inali ndi kabowo kokwana nkhonya, mphepo ya mu Juni ikavuta tinkatsekapo ndi chitsononkho. Katani ndinaiona koyamba kunyumba ya abusa, ndipo ndinkaganiza kuti amayi abusa ayanika chitenje n'kuiwala kuchianula.

Agogo anu, a Sakala, atanditenga kubwera nane ku Lusaka, tinafikira ku Kabwata, m'tinyumba tozungulira taudzu timene atsamunda anamangira antchito. Inu mukudziwa mafulati okhaokha kumeneko. Kazenera kake kanali kakang'ono, koma tinyumbato tinali tothithikana, munthu wodutsa ankatha kuwerenga nthongo zimene ukudya. Ndinatenga thumba la ufa, n'kulitumbula, n'kulichapa katatu. Zilembo zake zinakana kuchoka, moti aliyense wodutsa ankadziwa ufa umene timadya. Anzathu ena ankamata nyuzipepala ndi phala. Imeneyo inali katani yabwino mpaka mphemvu zitadziwa kuti pali chakudya chaulere.

Esinati, amayi anuwo, ali kumbuyo, tinapatsidwa nyumba ino. Nthawi imeneyo Chelstone sanali uyu wa mipanda ya njerwa. Nyumba zinangondandalika mizeremizere, zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi: utoto umodzi, chitseko chimodzi, ngakhale mpopi pamalo amodzimodzi. Agogo anu ankawotcherera zitsulo ku Heavy Industrial uko, ndipo ankapita ndi kubwera pa njinga. Inu mukakwera minibasi mumadandaula kuti n'kutali. Iwo ankapalasa, atagwira kale ntchito tsiku lonse.

Sabata yoyamba yomweyo, tsiku lina madzulo, anakhota mzere umodzi msanga. Anayedzamiritsa njinga pakhoma, navula nsapato pakhomo, nakhala pampando, n'kuitana, "Amake Esinati, madzi osamba!" Kukhitchini kunatuluka mayi wa Chibemba ali ndi mthiko m'manja. "Nimwe bani?" Ndiye kuti ndinu ndani. Musaseke kwambiri, munthuyo mowa sanaulawepo chibadwire. Anathawa nsapato zili m'manja, njinga ndinakaitenga ndine. Mayi uja tinakhala naye paubwenzi mpaka anamwalira, koma agogo anu ankamuzemba pamsewu chaka chathunthu.

M'mawa mwake ndinabereka mwana, ulendo wa ku Kamwala, kumasitolo a amwenye. Ndinawauza kuti ndikufuna nsalu yoti munthu wotopa aione ali patali. Anatsitsa mpukutu umene unali pamwamba penipeni, wafumbi, poti palibe amene ankaufuna: chikasu chowala, maluwa ofiira aakulu ngati mbale ya ndiwo. Ndinapinda m'mphepete ndi manja, makina ndinalibe. Ndinalowetsa waya uja wa sipuling'i, n'kukola pamisomali iwiri. Maluwa ndinawayang'anitsa kumsewu, mbali yofuwirira n'kukhala m'kati. Tonse m'mizere muno tinkatero. Tinkati wam'nyumba nsalu yake akuidziwa kale, ofunika kuiona ndi odutsa.

Kuyambira pamenepo amayi a mumzere uno anayamba mpikisano. Wina anapachika chitenje cha nsomba, wina cha mawotchi. Kenaka kunabwera lesi yoyera ija yoonekera, imene umaona kunja koma wakunja sakuona iwe. Imeneyo inakondedwa ndi amayi amiseche, munthu ankadziwa zonse za mumsewu osatulutsa mutu. Ena anaika mikanda yolendewera pakhomo la kuchipinda, yolira munthu akamadutsa, ana akaba shuga ankagwidwa nayo. Koma chikasu panalibe amene analimba mtima kupachika. Anthu anayamba kulondolerana njira ndi nyumba yathu: ukafika pa katani yachikasu, uwerenge nyumba zitatu.

Agogo anu ataona kuti manja anga akutha, anandigulira makina opalasa ndi mapazi, awo mwaikapo televizhoniwo. Telala wina wa pakhonde la sitolo ku Kamwala anandiphunzitsa zamakono za nthawi imeneyo: kusokerera tepi ya zingwe kumutu kwa katani, kukoka zingwezo kuti nsalu ipindike mapinda atatuatatu, kulowetsa timbedza tokola panjanji. Anandionetsanso pelemeti, kabokosi kathabwa kobisa njanji pamwamba pa zenera. Zonse anandiuza, kupatula chinthu chimodzi chimene ankaganiza kuti mwana aliyense amadziwa.

Mnzanga wina wa kutchalitchi ankagwira ntchito m'nyumba ku Kabulonga, ndiye anandinenera kwa abwana ake aakazi. Mayi wa kwathu konkuno, koma wophunzira kunja. Nyumba yake mazenera asanu ndi atatu kuchipinda chochezera chokha, ena kuyambira kudenga mpaka pansi. Anagula yekha nsalu yobiriwira ya masamba agolide, n'kundisiyira, iye n'kupita ku Kitwe kwa masabata awiri. Ndinasoka ndi mtima wanga wonse. Mapinda anaima ngati asilikali. Ndinapachika onse, n'kutuluka panja kukaima pakapinga, ndipo ndinadziuza kuti Lusaka yense alibe telala ngati ine.

Mayi uja atabwera analowa m'nyumba, naima pakati pa chipinda. Kumene ankayang'ana konse ankaona kumbuyo kwa nsalu, misoko ndi ulusi. Anaseka mpaka anakhala pansi, akupukuta misozi.

"Amai Sakala, manje masamba mwayaika kunja kuti ayaone ndani? Galu?"

Ndinati, "Anthu odutsa, amayi."

"Bantu bati? Kuli hedge, kuli geti. Kuno katani iyangana mukati, niyanga ine. Kunja tiika laining'i yoyela chabe."

Sanandinyoze, anali munthu wabwino, anandipatsa tiyi ndi buledi wopaka jamu. Koma manyazi amene ndinamva tsiku limenelo, ana inu, ndikawakumbukira nkhope imatenthabe. Masiku atatu ndinakhala pakhonde lake ndikumasula misoko, kuchotsa tepi, kuisokerera mbali inayo. Ndinaphunzira laining'i, nsalu yoyera yoteteza katani ku dzuwa. Ndipo nditafika kuno kunyumba ndinayang'ana zenera langa ndi maso a ku Kabulonga. Ndinaona umphawi, ndinaona kumudzi. Ndinachotsa katani ija n'kuitembenuza, maluwa m'kati, kunja n'kuikako kansalu koyera.

Madzulo ndinamva belu la njinga, koma munthu osalowa. Nditasuzumira ndinaona agogo anu ataima pampanda wa maluwa, mwendo umodzi pansi.

"Amake Esinati, kodi mwasamuka?"

Ndinawafotokozera za ku Kabulonga, kuti anthu ozindikira amatero. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, poti sanali munthu wodula mawu. Kenaka anati, "A ku Kabulonga amafika pa galimoto, nyumba amaidziwira geti. Ine ndikakhota pa thanki paja miyendo imakhala itatha. Ndikaona maluwa aja ndimadziwa kuti ndafika, ndiponso kuti inu mulipo. M'kati muno sindifuna maluwa, ndimaona inu. Bwezerani."

Pa zaka zonse za ukwati wathu, mawu okoma ngati amenewo sanawabwerezenso, amuna a nthawi yathu sankawononga mawu. Ndinabwezera pomwepo, iwo ali chiimire panja, ndipo analowa. Ntchito ya ku Kabulonga itatha ndinabwerera ku Kamwala kukafunsa ngati mpukutu uja ulipo. Unalipo, pamwamba pomwe paja. Ndinautenga wonse. Mwenye uja anandifunsa ngati ndikutsegula sukulu ya mkaka.

Dzuwa la Lusaka limadya nsalu, makamaka yopanda laining'i. Pakapita zaka zingapo chikasu chimayera, maluwa n'kusanduka ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Zikatero ndinkatsegula sutikesi yachitsulo, kudula chidutswa china, kupinda, kupachika. Pakati apo ndasokera anthu makatani a mitundu yonse. Inabwera nthawi ya veleveti, yolemera moti amayi awiri ankathandizana kuchapa, yomangidwa m'mbali ndi zingwe za mphonje. Inabwera ya zolendewera pamwamba ngati pa holo ya ukwati, fumbi lonse la mu Ogasiti linkagona m'menemo. Salaula, malonda a zovala zakale aja, itabwera, anthu anayamba kugula makatani ovalidwa kale ndi mazenera a kunja, ena aafupi ngati buluku la mwana wasukulu, ntchito yanga n'kuchepa. Kenaka mabulaindi, timizere tija tokoka ndi chingwe, timene mumati n'tamakono. Ine ndikalowa m'nyumba ya mabulaindi ndimadikira kuti nesi aitane dzina langa.

Kwanu ku Woodlands ndimaona ndikabwera. Mpanda wa njerwa wautali, pamwamba waya wamagetsi, pazenera zitsulo, kuseri kwa zitsulo lesi, kuseri kwa lesi katani yakuda yosalowa dzuwa. Masana mumayatsa getsi. Ndimadzifunsa kuti kodi ana awa akubisa chiyani chimene ife tinalibe. Amayi anu anandipempha kawiri kuti atimangire mpanda ngati umenewo kuno, ine n'kukana. Munkati ambuya ndi amakani. Makani ndili nawo, sindikana, koma chifukwa sichinali chimenecho.

Tsopano mlandu wanga. Agogo anu akudwala kuposa mmene mukudziwira. Zinayamba ndi makiyi, kenaka anaika nsapato mu firiji, tinaseka. Kenaka anayamba kundifunsa za anthu amene tinawaika kale m'manda. Adokotala anati ndi matenda a kuiwala amene amagwira okalamba ena, mankhwala ochiza palibe. Mukabwera Lamlungu iwo n'kukupatsani moni ndi mayina anu, mumaganiza kuti akukudziwani. Ndine ndimawanong'oneza mukamatsika m'galimoto: uyo wa magalasi ndi Taonga, wamtaliyo ndi Dalitso. Ine amene, papita miyezi osanditchula. Amanditi "mayi", mwaulemu, monga mmene ungaitanire munthu wogulitsa pamsika. Zimandipweteka, sindinama.

Ndinabisa chifukwa cha mantha. Mukudziwa zimene anthu amanena akapeza nkhalamba yosokonezeka pakhomo la eni: sati wadwala, amati yagwa paulendo wa ufiti. Ndinabisanso chifukwa sindinafune kuti munthu amene anawotcherera mageti a theka la Chelstone azimuloza ndi chala. Ndinauza amayi anu okha, n'kuwaletsa kukuuzani. Ndinalakwa pamenepo.

Chinthu chimodzi chokha sichinachoke m'mutu mwawo. Tikadya masana amavala jekete ndi chipewa, kupita mpaka pa thanki, n'kutembenuka. M'maganizo mwawo akuweruka kuntchito. Ukawagwira dzanja amakwiya, amati sindine mwana. Amabwera pang'onopang'ono akuyang'ana nyumba iliyonse, poti mipanda yasintha zonse, mpaka aone chikasu. Akachiona amakhota okha. Nambala ya nyumba sakuidziwa, dzina la msewu sakulidziwa. Ndipo chidutswa munachotsa dzulocho ndi chomaliza, musutikesi mulibenso.

Nditatsika minibasi dzulo, ndinaona phulusa pazenera ndili patali. Iwe Taonga unatuluka ukuvina.

"Ba mbuya, sapulaizi! Onani mwamene nyumba yaonekela mushe. Ija kateni yenze yasila, bantu benze kutiseka."

Ndinangofunsa kuti agogo anu ali kuti. Dalitso ndiye anayankha, sikurudiraiva ili m'manja.

"Ba shikulu nabaona manje manje. Baimilila pa hedge, bayangana, then bapitilila. Nenze naganiza ati bayenda ku shopu."

Anafika pakhomo pawo, ana inu. Anaima pomwe paja anaima ndi njinga. Anayang'ana, sanapeze nyumba yawo, n'kupitirira kukaifuna.

Zotsatira mukuzidziwa, munathamanga nane, koma inu munalowera ku mashopu, simunaone zimene ndinaona ine. Ndinawapeza mizere itatu kuchokera pano, panyumba ina pamene anayanika shiti yachikasu pawaya. Anali atalowa pageti n'kugogoda. Okhalamo ndi achilendo, sakuwadziwa. Mayi wa pamenepo anali atakuwa kale, anthu atasonkhana, ndipo mawu aja ndimawaopa ndinawamva ndi makutu angawa, wina atawatchula kumbuyo. Mulungu anaika pamenepo bana Chanda, mayi wogulitsa tomato pakona paja. Anasiya tebulo lake, n'kuwakhazika pa kampando kake, iye n'kuima kutsogolo kwawo manja ali m'chiuno.

"Imwe, mulibe nsoni? Aba ni ba Sakala, ba pa kateni ya yelo. Geti yamene mwagwilila iyi, ndiye banaipanga. Wamene afuna kubagwila ayambe ine."

Agogo anu anali atavula chipewa, atachigwira pamaondo, akupepesa aliyense. Atandiona anati, "Mayi, mundithandize, ndasochera. Akazi anga akundidikira." Ndinati tiyeni bambo, ndikuwadziwa akazi anuwo, ndikuperekezani.

Titafika pano anakana kulowa. Munaona nokha mmene anagwirira mpanda. "Si pano. Ndinalowapo kale nyumba ya eni, sindibwerezanso." Inu munawachonderera, ba shikulu ni pano, ni pano, koma mawu a anthu osawadziwa akanawathandiza chiyani? Ndi pamene ndinakufunsa, Taonga, kumene mwaika chinsanza chija, iwe n'kuloza pulasitiki ya zinyalala. Ndinachitulutsa, ngodya imodzi itang'ambidwa, poti bwana Dalitso anafuna kansalu kopukutira magalasi a zenera. Waya munali mutazula, misomali mutazula. Ndinakankhira phulusa lanu kumbali, n'kukwera pampando, ine wa mawondo awa, n'kutambasula nsaluyo pagalasi ndi manja anga awiri.

Sindinkawaona, nsalu inanditchinga. Ndinangomva geti likulira, kenaka mapazi pakhonde, kenaka kaphokoso ka munthu akuvula nsapato pakhomo. Ndiye anaitana, ndi mawu awo akale aja:

"Amake Esinati, madzi osamba!"

Munadabwa kuti ambuya akulira chiyani munthu atapezeka. Tsopano mwadziwa.

Eya, msoko watha. Chigambachi chikuoneka, koma ali patali sachiona. Makatani anu sindiwataya ayi, tiwaika kuchipinda changa, ndizigona mpaka dzuwa litakwera ngati anthu a ku Woodlands. Dalitso, khoma misomali m'mabowo akale omwewo, usayambe kuyeza ndi foni. Taonga, gwira uku, lowetsa waya pang'onopang'ono, nsaluyi yakalamba ngati mwini wake, ukaikoka ikusiyira m'manja.

Ndipo mumve ichi, poti ndi chimene ndakukhazikirani pansi. Za Mulungu sitidziwa, mwina ndidzatsogola ndine. Zikadzatero anthu adzabwera, adzatulutsa mipando panja, adzasesa, wina adzafuna kukonza nyumba kuti ioneke bwino pamaso pa alendo. Chilichonse achotse, ngakhale makina angawo. Koma zenera ili likhale mmene lilili mpaka agogo anu atasiya kuyenda. Nsaluyi ikadzatheratu, pitani ku Kamwala, mukafune yachikasu yonyansa kuposa zonse, ya maluwa ofiira. Akadzafunsa kuti amake Esinati ali kuti, musadzawauze za kumanda tsiku lililonse, kuti azilira maliro atsopano tsiku lililonse. Mudzangoti alipo, lowani.

Iwe mwana, wagwira chotembenuza! Ukuona, nawenso ndiwe wa ku Kabulonga. Tembenuza msanga, maluwa ayang'ane kumsewu. Chipewa chija chikubwera apocho ndi chawo.